Mkamwini wanga ndi makala a jumbo

Matipate atabwera kwathu ku Mkanda, zambiri zinabwera nawo. Anabwera mavenda, anabwera kaunjika, anabweranso majumbo. Majumbo mumsewu, majumbo m'mitengo, majumbo mpaka m'mimba mwa mbuzi. Zimene zinachoka ndi nkhuni basi. Ukapita kuphiri, alonda a nkhalango akulanda nkhwangwa, ubwerako manja lendelende.

M'masiku amenewo mwana wanga wamkazi anandibweretsera mkamwini wochokera kutsidya, ku Chipata. Mnyamata wamtali, waulemu, koma wachilendo m'zochita zake. Akamwini a anzanga akulawirira kudimba, wanga akulawirira kumsika ndi thumba, kukatola majumbo. Amayi pachitsime anachita kundipekera nyimbo, eti mwana wanga wakwatiwa ndi khwangwala.

Madzulo mkamwiniyo ankapita kuseri kwa khola, kusungunula majumbowo m'chitini, kuthiramo makoko a mtedza ndi utuchi, kutakasa, kutakasa, n'kuumba timibulu takuda bii. Tikauma, mwana wanga ankaphikira panja pambaula. Ine ndinkangoonera patali. Ndikanamufunsa bwanji? Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini salankhulana. Tikakumana panjira, iye patchire, ine patchire, njira n'kutsala yokha.

Nkhani inawafika alongo anga aakulu, amene ndiwo ankhoswe a ukwatiwo. Anatumiza mawu: "Ndikubwera Loweruka. Ngati n'zoona kuti munthuyo ntchito yake n'kutola zinyalala, anyamule thumba lake abwerere kwawo."

Mwana wanga analira, pakuti ankamukonda khwangwala wakeyo, komanso anali ndi pakati.

Loweruka linacha ndi mvula ya mswera. Mwana wanga anali atapita kuchigayo. Ine ndinafuna kuwaphikira alongo anga nyemba, mwina mtima ungawafewe, koma nyemba mukuzidziwa, zimadya nkhuni ngati uvuni ya njerwa, ndipo tinkhuni tanga tinali titanyowa. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, ndinatapa timibulu ta mkamwini todzaza lichero. Ndinalowa m'khitchini, ndinatseka chitseko kuopa mphepo, ndinakhuthulira tonse pamafuwa.

Mkamwini anandiona. Ndinamva kukhosomola panja. Kenako ndinamva akulankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku iwe, makala amenewo saphikira m'nyumba. Amafuna panja, ndipo amaika awiri okha."

Ine ndinayankha mphika. "Mphika iwe, ndinayamba kuphika anthu ena asanabadwe."

"Nkhuku iwe, mwina chitseko chokha chikanatseguka."

"Mphika iwe, mvula ikalowa adzakolope ndi ndani?"

Moto unagwira, unagwiradi, lawi mpaka kudenga. Ndinayamba kuvina ndekhandekha, ndikuimba kuti alonda akhale nazo nkhwangwa zawo. Ndime yachiwiri sindinaimalize. Utsi unatuluka wakuda, wonunkha ngati tayala, unandilowa m'maso, unandilowa pakhosi. Ndikafuna chitseko ndikugwira khoma, ndikafuna khoma ndikugwira mtondo. Mapeto ake ndinangokhala pansi.

Apo nkhuku inaiwalika. Chitseko chinati phwa, mkamwini uyo, anandinyamula ngati thumba la fetereza, mutu kumbuyo miyendo kutsogolo, kuthamanga nane pabwalo. Ndipo ndani akutsika panjinga nthawi yomweyo? Alongo anga.

Anaima, mvula ikuwagwa pachipewa. Anayang'ana ine pamapewa a mkamwini, nkhope ngati kunsi kwa mphika, mpango uli m'matope.

"Bambo, amene mwasenzawo mukuwadziwa?"

Mkamwini anayang'ana njinga. "Njinga iwe, ndi apongozi anga."

"Lankhulani ndi ine, njingayo yatopa. Atsitseni."

Ananditsitsa bwinobwino pakhonde, n'kubwerera kukazima moto ndi dothi. Ine chifuwa chitaleka ndinafotokoza zonse, kuti mwana wa eniyu anachenjeza, koma anachenjeza nkhuku, ndipo nkhuku sinandiuze bwino.

Alongo anga anati akufuna aone okha. Mvula itakata, mkamwini anatulutsa mbaula pamtetete, anaikapo timibulu tiwiri, mphika wovundikira pamwamba, n'kutiuza tikhale kumene mphepo ikuchokera. Tinakhala. Nyemba zija zinabwata, zinabwata, mpaka zinapsa, osathyola ndi kamtengo komwe. Alongo anga ananunkhiza kaye, analawa, anaonjezera, anaonjezeranso.

Atasamba m'manja anaweruza. "Mlandu wa zinyalala palibe. Koma mlandu wosenza apongozi ulipo. Mupereke tambala, ndipo kuyambira lero muzilankhulana pamaso, mungadzatiphere munthu ndi ulemu wanuwo."

Mwana wanga akufika ndi ufa pamutu anapeza mwamuna wake akuthamangitsa tambala kuzungulira nkhokwe, amalume ake akumulozera kokhotera. Anafunsa ngati mwamuna wakeyo akuthamangitsidwa pamudzi. Ndinati ayi mwanawe, amene akuthamangitsidwa ndi tambala yekha, tula ufa uvine.

Alongo anga anabwerera ndi timibulu pakaliyala, atalumbira kuti aziphikira panja. Mkamwini anakhala, mwana anabadwa, ena anatsatira, alipo mpaka lero. Chokhacho, chitsegukireni pakamwa panga sipanatsekedwe. Ndimamuuza za bondo langa, za maloto anga, za mbuzi za eni. Akandiona ndikubwera ndi mpando, amakumbukira mwadzidzidzi kuti kumsika kwagwa majumbo ambiri.