Chaka chimene tinamanga zipinda za alendo

Matiresi aja anafika pa njinga kuchokera ku Metangula, atamangidwa ndi mphira, akadali m'pulasitiki. Ndimakumbukirabe fungo lake, longa la nsapato zatsopano, ndi kulira kwa pulasitikiyo ndikaikhudza ndi chala. Ife tinkagona pa mphasa. Amayi anandiuza kuti matiresiwo ndi a alendo, ndipo tsiku limene adzandipeze nditakhalapo ndidzawadziwa bwino.

Ndinali kamtsikana ka pulayimale, kwathu ku Chiwanga. Chaka cham'mbuyo, nyengo ya mwera, kunabwera alendo ambiri kuposa amene mudzi unawaonapo: azungu a zikwama zazikulu kumsana, ena otsika sitima ya Ilala, ena pa shapa, kagalimoto kaja konyamula anthu kuchokera ku Lichinga. Nyumba ya alendo inali imodzi yokha ndipo inadzaza, otsala n'kumagona m'matenti pamchenga. Mwini nyumbayo ankakweza mtengo mmene wafunira, alendo n'kumalipira osanyinyirika. Mvula isanagwe anali atagula injini ya boti. Mudzi wonse unaiona injiniyo.

Amalume ndiwo anasowa nayo mtendere kwambiri. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo anagwirako ntchito yochapa zovala pamalo ena ogona alendo, choncho pa nkhani ya azungu palibe ankawatsutsa. "Achemwali, mchenga uwu ndi munda," ankatero kwa amayi, "inu mukungoyanikapo usipa." Amayi anali ndi mathandala oyanikira usipa pafupi ndi madzi, ndipo ndiwo ankatidyetsa chimwalirire bambo. Amayi anakana miyezi ingapo. Kenako tsiku lina ndinabwera kuchokera kusukulu n'kupeza mathandala atazulidwa, amalume akukumba maziko.

Tinamanga zipinda zitatu, zopaka laimu, zitseko zobiriwira. Koma sitinali tokha. Aliyense amene anali ndi malo oyang'ana kunyanja anaumba njerwa chaka chimenecho. Ena anagulitsa maukonde, ena mbuzi. Aphunzitsi ndiwo ankalemba zikwangwani zonse, poti ankadziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi chomwe. Akulemba chathu, utoto uli m'zala, ananena chapansipansi kuti, "Alendo si usipa, kuti ukayatsa nyali abwera." Amalume anaseka. Amayi sanaseke.

Mwera unayamba msanga. Nyanja inkalira usana wonse, mabwato ali gone kumtunda, mchenga n'kumalowa m'maso ndi m'mano. M'mawa uliwonse ine ndi amayi tinkasesa zipinda zimene simunagone munthu. Zinkanunkha laimu ndi chinyezi, ndipo akangaude ankabwerera m'ngodya zomwe zija. Alendo ankabwera mmodzimmodzi. Ena m'mudzi ankati sitima yawonongeka, ena ankati vuto ndi msewu. Lero ndimaona kuti ngakhale akanabwera onse a chaka chija, sakanadzaza theka la zipinda zimene tinamanga. Mtengo umene tinkausirira unakwera chifukwa nyumba inali imodzi. Pomanga zathu tinauphera tokha.

Anthu anayamba kudikirira shapa pamsewu. Tsiku lina masana kunatsika azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, atapsa ndi dzuwa. Asanaponde bwino pansi anali atazunguliridwa. Wina anagwira chikwama, wina lamba wake. Amalume anatchula mtengo wathu, wina anatchula wotsikirapo. Kenako ndinamva mawu amene ndinkawadziwa bwino, a mayi oyandikana nafe, mnzawo wa amayi amene ankabwerekana nawo mchere ndi moto. Anatsitsa mpaka theka, n'kuwonjezera kuti chakudya cham'mawa n'chaulere, ndiponso kuti m'zipinda zathu muli nsikidzi. Munalibe nsikidzi. Zikanadya ndani? Mzungu wamkazi anakumbatira chikwama chake pachifuwa, maso ali mwazimwazi, ndipo onse awiri anakweranso shapa yomweyo. Fumbi litatha, anthu anabalalika osayang'anana. Amayi ndi mnzawo uja sanapatsanenso moni mpaka imfa inawalekanitsa.

Chimene chinapweteka kwambiri ndi usipa. Mphepo ikaleka masiku angapo, asodzi otsalawo ankabwera nawo wambiri, koma oyanika anali atachepa. Amalonda a ku Maniamba ankatsika ndi madengu opanda kanthu, okonzeka kulipira mtengo umene amayi sanaumvepo moyo wawo wonse. Ankafika pakhomo pathu mwa chizolowezi. Amayi ankawayankha kuti, "Chaka chino ayi," n'kulowa m'nyumba. Ifeyo tinayamba kudya kondowole ndi chisoso cha mchere wokha, tili m'mphepete mwa nyanja.

Chakumapeto kwa mwera kunabwera bambo wina pa galimoto yoyera, yekhayekha. Sanali mzungu. Ankalankhula Chipwitikizi cha mumzinda, ndipo nsapato zake sizinkaoneka kuti zinapondapo matope. Anasankha chipinda chathu chapakati n'kulipira mtengo woyamba umene amalume anatchula, osapempha kuti atsitse. Amalume anapha tambala. Amayi anamuphikira, koma popereka madzi osamba m'manja sanamuyang'ane kumaso.

Bamboyo sanasambe m'nyanja, sanajambule chithunzi ngati alendo ena. Ankayenda pang'onopang'ono kuchokera kumayambiriro a mchenga mpaka kumiyala, manja ali kumbuyo. Ankalowa khomo lililonse lokhala ndi chikwangwani, kufunsa za moyo, kusuzumira kukhitchini, kuyang'ana ana. Ankafunsa kuti malowa ndi a ndani, ndipo mapepala ake alipo kapena ayi. Pochoka ankatsanzika mwaulemu kuti, "Tidzaonananso mvula ikayamba." Lero mbali imeneyo ya mchenga ili mumpanda, ndipo ine wobadwira pomwepo ndimapempha kwa mlonda kuti ndidutse.

Koma nthawi imeneyo ndinali wonyada. Ndinauza anzanga kusukulu kuti mlendo wolemera waona zipinda za mudzi wonse, ndipo palibe chimene chamukomera kuposa chathu. Ndinkaganiza kuti poyenda khomo ndi khomo ankafufuza pogona pabwino. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kuyendera mudzi kuti aone nyumba zimene njala yafikamo kale, n'kubwerera kwawo kukadikira kuti ifike ndi m'zotsalazo.