Choko cha m'thumba la malaya

Ndinayamba kuphunzitsa masamu ku Kitwe imvi zisanandipeze, ndipo zida zanga zinali choko ndi rula yathabwa. Kenaka pasukulu pathu panabwera mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Ndola, atanyamula laputopu ndi pulojekita. M'kalasi mwake thirayango inkayenda pakhoma. Mwana akakoka ngodya imodzi pa laputopu, zinazo zinkasintha onse akuona, kalasi yonse n'kukuwa ngati kumpira.

Ine ndinkamva phokosolo kuseri kwa khoma, mtima ukuwawa. Kwa aphunzitsi anzanga ndinkati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masamu si kanema."

Zikanathera pomwepo bwenzi nditapirira. Koma m'kalasi mwanga munali mwana wanga wamkazi, yemwe ndinamuphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo asanayambe n'komwe sukulu. Tsiku lina tili m'minibasi pamsika wa Chisokone anandinong'oneza, maso ali pawindo.

"Adadi, nifuna kuyenda ku kilasi ya ba Sir ba laputopu."

Ndinavomera, poopa kuti anthu angati nkhalamba ikukaniza mwana. Koma nsanje inandigwira kuposa ya mkazi wapamitala.

Ndinkangodikira kuti magetsi adzathime pa nthawi ya masamu, ndipo kwathu kuno zimenezo sizichedwa. Atathima, ndinasankha choko chatsopano, n'kupita kukalasi kwa mnyamata uja ndikuyenda mwachifatse. Ndinkafuna kumupatsa pamaso pa ana onse, aone kuti kanema akafa amatsala ndani.

Pakhomo ndinaima. Pulojekita inali zii, mnyamatayo atakhala kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali mwana wanga. Anali atadula thirayango papepala. Anang'amba ngodya zake zitatu, n'kuzigundanitsa padesiki monga ankazionera pakhoma paja, ndipo zinapanga mzere wowongoka. Anzake nawonso anayamba kung'amba mapepala awo.

Lamulo limeneli, loti ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, ine ndinamulowezetsa kalekale. Ankalinena pamtima tikudya, ine n'kumanyadira.

Atandiona anathamangira pakhomo, tizidutswato tili m'manja.

"Adadi, onani! Ni one eighty zoona. Nanga imwe simunaniuzeko chifukwa chake bwanji?"

Sankandinyoza, ankangofunsa. Mnyamata uja naye anabwera, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwabombeni, ba Sir. Muli na mwana wanzeru maningi. Kapena mwenze kufunako chinthu?"

Ulemu wakewo unandipweteka kuposa chipongwe. Ndinati ndimangodutsa.

Loweruka mkazi wanga pochapa anapeza choko chija chitasungunuka m'thumba la malaya anga, ndipo anandikalipira. Mwanayo anali pakhonde, akung'amba mapepala kuti aonetse mng'ono wake. Pa chaka chonsecho sanabwerenso kwa ine ndi funso la masamu.