Ndinaima pa Mzere Wachitatu

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndinkakhala ku Linda ndi mwana wanga wamkazi. Iye ankagwira ntchito ya makompyuta ali pakhomo pomwepo. Pamodzi ndi anzake ena a kumayiko akunja, amene sindinawaonepo maso ndi maso, ankapanga pulogalamu yothandiza ofufuza za khansa ya khomo la chiberekero. Anamwino ankalowetsamo zithunzi zojambulidwa pounika azimayi, iyo n'kuzisanja kuti ofufuza azizipeza msanga.

Pulogalamuyo inkagwira bwino, koma foni ya mwana wanga sinkapuma. Anamwino ankaimba tsiku lonse, funso lake limodzimodzi: ndikanikize pati?

Tsiku lina m'mawa, kutentha kwa Okutobala kutayamba kale, anandipeza pakhonde. Anandiikira laputopu patebulo ndi mapepala anayi.

"Amama, awa ni malangizo. Muwatsatire chabe. Ine sinizakamba kanthu."

"Ine ndidziwa chiyani za khansa?"

"Ndiye chifukwa chake nasankha imwe."

Mzere woyamba unati ndiyatse kompyuta. Ndinayatsa. Wachiwiri unati nditsegule pulogalamu, ndipo ndinaipeza. Wachitatu unati ndilowetse zithunzi mwa njira ya masiku onse.

"Njira ya masiku onse ndiye iti?"

Dzanja lake linayamba kusendera ku laputopu. Ndinaligogoda ndi bolopeni.

"Unati sukamba kanthu."

Ndinayesa batani lina. Panatuluka mawu ofiira ndi manambala, osanena chimene ndalakwa. Ndinaganiza kuti ndafafaniza chithunzi cha mzimayi wina, ngakhale anali atandiuza kuti zonsezo n'zongoyeserera. Ndinachotsa manja n'kuwaika pamiyendo.

"Namwino akaona zimenezi sakhudzanso," ndinatero. "Panja pali azimayi akumudikira."

Mwana wanga anakwiya. Anati aliyense wa ntchitoyi amazidziwa zimenezo. Ndinamuuza kuti mawu akuti aliyense amadziwa ndinkawamva kwa aphunzitsi amene ana awo ankalephera mayeso. Ananyamula laputopu n'kulowa m'nyumba, ndipo masana amenewo sanadye.

M'mawa mwake anabwera ndi mapepala ena. Tinachita zimenezi masabata angapo, iye akulemba, ine ndikuchonga ndi bolopeni yofiira. Ndinkakana mzere wouza munthu zochita ziwiri. Pamene panali batani, ndinkafuna chithunzi cha batanilo. Mawu ofiira aja anawasintha, tsopano ankanena vuto lenileni, n'kuwonjezera kuti palibe chafafanizika. Tsiku lina malaiti anathima ndili pakati polowetsa zithunzi, netiweki n'kuduka. Ndinafunsa chochita, koma m'mapepala munalibe. Anzake akunja aja anali asanaziganizirepo. Tsamba lina la malangizo linabadwa pamenepo.

Kenako ndinayamba kuzolowera, ndipo mwana wanga anati sindikuthandizanso, chifukwa ndinkadumpha mizere osawerenga. Zinandipweteka pang'ono, koma ankanena zoona. Ndinaitana namwino wina wa ku tchalitchi kwathu, wokhala ku Maramba. Anabwera Loweruka masana atavala yunifomu, ali paulendo wa kuntchito.

Ine ndi mwana wanga tinakhala kumbuyo kwake, manja tapinda. Anayenda mzere ndi mzere, chala chili papepala. Anaima malo amodzi okha, pa mawu ena achizungu amene anati kuchipatala sawatchula choncho. Mwana wanga analemba mawu amene namwinoyo anamuuza, osatsutsa.

Namwinoyo atamaliza anayang'ana ine.

"Ba ticha, zilembo muzikulitseko. Ambiri aife magalasi timaiwala kunyumba."

Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'chikwama, ngakhale anali odzaza ndi zochongachonga zanga. Anati akawaonetse anzake awiri. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo anakwera minibasi yopita kutawuni.