Mphete Yanga Inabaya Diso la Mwana wa Alamu Anga

Inu owerenga, ine ndinawononga diso la mwana wa eni ake chifukwa cha mphete ya chitomero. Sindinamumenye, sindinamugwetse, ndinkangomusukusula kumaso basi. Ndikulemba izi kuti atsikana anzanga amene mukusankha mphete pa foni mumve kaye zanga musanaloze chithunzi.

Kwathu ndi kwa Mponda. Amuna anga a Yusufu, omwe nthawi imeneyo tinali pa chibwenzi, kwawo ndi ku Nkhudzi, koma monga anyamata ambiri a kuno ankagwira ntchito ku Joni. Ankhoswe atakumana n'kugwirizana, a Yusufu ananditumizira zithunzi za mphete kuti ndisankhe ndekha. Iwo anakonda ina ya kamwala kakang'ono kozungulira, kolowa m'kati mwa mphete, koti ukapititsapo chala sukumva chokola. Ine ndiye ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati akundiona ngati mwana wa pulayimale. Mnzanga wina wogwira ntchito kumalo ogona alendo ku Nkopola anali atangovekedwa kumene ya mwala waukulu, ndiye ine ndioneke wotsalira? Ndinaloza ya dayamondi wautali, wosongoka uku ndi uku ngati bwato, wokhala pamwamba pa timano tomugwira. Atandifunsa ngati ndidzatha kugwira nayo ntchito, ndinawayankha mwamwano kuti mphete si khasu.

Kukula kwa chala ndinayeza ndekha ndi ulusi, nthawi yotentha zala zitafufuma, n'kuwonjezerapo pang'ono poopa kuti ingadzandithine. A Yusufu anadzimana zambiri n'kugula, anabwera kudzandiveka pamaso pa abale, kenako anabwerera ku ntchito.

Eee, mphete inkawala, zimenezo sindikana. Koma kutayamba kuzizira zala zinaphwa, mphete n'kuyamba kukhwepa. Mwalawo unali wolemera, ndiye unkangotembenuka wokha kupita m'chikhatho. Unkakola mpango, unandikokera ulusi wa diresi latsopano, tsiku lina unandikanda patsaya. Mayi anga anandiuza kuti ndizivula pogwira ntchito, apo ayi ndikaichepetse. Sindinamve. Ife a zibwenzi za ku Joni tikudziwa mmene zimakhalira: ukangooneka pamsika chala chili mbee, dzuwa lisanalowe nkhani yafika kale ku Joni yoti wayamba kuyendayenda. Ndiye ine sindinkavula, kaya pochapa, kaya pophika.

Usipa utayamba kugwidwa wambiri, apongozi anandiitana ku Nkhudzi kuti ndikawathandize ntchito za pakhomo. Aliyense amadziwa kuti kuitana kotereku n'kufuna kuona ngati mkazi akubwerayu ali ndi manja. Pakhomopo panalinso alamu anga Asiyatu, mchemwali wawo wa a Yusufu, ndi mwana wawo Shakira amene anali atangoyamba kukwawa.

M'mawa wina onse anatsetserekera kumathandala kukayanika usipa, mwana n'kundisiyira. Ndinafuna adzapeze mwana ali wosamba, wodzola, kuti andiyamikire. Ndinamukhazika m'beseni, manja anga ali thovu lokhalokha, osazindikira kuti mphete yatembenuka. Ndinatapa madzi m'dzanja n'kumupukusa kumaso kuchokera pachipumi kutsika m'munsi, monga mayi aliyense amachitira. Abale inu, ndinamva nsonga ya mwala ikukoka kanthu kofewa. Mwana anangoti zii kaye, pakamwa yasaa, kenako anakuwa kukuwa kumene mpaka lero kumandilirabe m'makutu.

Asiyatu anabwera akuthamanga, mamba a usipa ali m'manja, akufunsa kuti mwana watani. Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Ndinatembenuza mphete mwachangu n'kunena kuti, “Ndi sopo, alamu, walowa m'maso.”

Anandikhulupirira. Magazi sankaoneka, diso lamanzere linali lotsinzina, misozi yokha chuchuchu. Apongozi anati amufinyire mkaka wa m'mawere m'disomo, litsuka lokha. Anachitadi zimenezo ine ndikuonerera. Tsiku lonselo mwana sanayamwe bwino, akangoona kuwala ankabisa nkhope pachifuwa cha mayi ake. Ine ndinkasesa pamene ndasesa kale. Ndinkati ndinene zoona, n'kusinthanso maganizo. Ndinkaopa kuti anena kuti mkazi wamatama uja wapweteka mwana, ukwati wanga n'kuthera pomwepo. Ndinaika ukwati wanga patsogolo, diso la mwana pambuyo.

Kutacha diso linali litatupa, mafinya akutuluka, mwana thupi lili moto. Tinakwera njinga zamoto kuthamangira kuchipatala chapafupi, komwe anangoyang'ana n'kutitumiza ku boma. M'minibasi monse Asiyatu ankangopemphera chapansipansi, Yarabi, Yarabi, ine dzanja ndabisa m'chitenje.

Adokotala a maso atamuunika mwanayo anadzutsa mutu n'kutiyang'ana tonse awiri. Anati limeneli ndi bala, sopo sacheka diso chonchi. Anafunsa kuti, “Chinalowa m'disomu n'chiyani? Nenani zoona kuti tidziwe pothandizira.”

Asiyatu anandiyang'ana kumaso, kenako maso awo anatsikira pamene ndinabisa dzanja. Ndinatulutsa dzanjalo n'kufotokoza zonse mmene zinachitikira. Ndinkayembekeza khofi kapena kutukwanidwa, ndipo bola akanatero. Iwo anangomukumbatira mwana wawo n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Alamu, dzulo lonse lija munali chete mukudziwa?”

Adokotala ananena mosabisa kuti tikanabwera tsiku lomwelo, mwayi woti balalo lipole bwino ukanakhala waukulu, koma tsopano linali litalowa matenda. Mwana anagonekedwa. Adokotala analimbana nalo diso lija mpaka linapulumuka kuchotsedwa, koma pakati pake panatsala chipsera choyera, ndipo saona nalo kanthu kupatula zithunzithunzi.

Nkhani inafika ku Joni tisanatuluke n'komwe m'chipatala. A Yusufu anakhala nthawi yaitali osandiyankha foni. Ankhoswe anakhalirana pansi kangapo, ndipo pamapeto pake ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, inachitika, koma yopanda chimwemwe. Mphete ndinawabwezera eni ake a Yusufu, sindinafunsenso kumene inapita. Asiyatu amandipatsa moni, pamaliro ndi paukwati timakhala mphasa imodzi, koma sanandisiyirenso mwana wawo ngakhale kamodzi, ndipo sindiwadandaula.

Inu owerenga, makamaka atsikana, mphete simuvala pa chithunzi pokha. Dzanja lomwelo ndi limene lidzachape, lidzakande mandasi, lidzasambitse khanda. Musanasankhe mwala, upititseni pansalu muone ngati sukukola. Wozungulira, wokhala pansi, ngakhale ukhale waung'ono anzanu akusekeni, ndi wabwino kuposa wosongoka wotukuka m'mwamba. Chala kayezetseni kwa odziwa, osati za ulusi zangazi, ndipo mphete ikayamba kuzungulira yokha kaichepetseni msanga. Pogwira mwana vulani, olankhula alankhule. Inunso abambo, mkazi akavula mphete pogwira ntchito musamuyese hule. Koma chachikulu n'chakuti ngozi ikachitika m'manja mwanu, nenani nthawi yomweyo. Mwala unangocheka, koma chimene chinapha diso lija ndi pakamwa panga.

Shakira wayamba sukulu chaka chino. Munthu akamuitana kumanzere amatembenuza mutu wonse kuti amuone, ndipo anzake amupatsa kale dzina loipa. Ankandikonda kwambiri mwanayu, ndikafika ku Nkhudzi ankathamangira kudzandilandira chikwama. Mwezi wathawu tili pakhonde tikusankha mpunga, anandifunsa kuti, “Anti, kodi diso langali ndinabadwa nalo chonchi?”

Ndinayang'ana kwa mayi ake kuti mwina andipulumutsa. Asiyatu sanadzutse n'komwe mutu palichero, anangoti, “Muyankheni, alamu.”

Ndinamuuza zoona zonse. Sanalire, anangondiyang'anitsitsa ndi diso lake labwinolo n'kunyamuka. Kuyambira tsiku limenelo, akandiona ndikulowa pampanda amakabisala kumbuyo kwa mayi ake.