Ulendo Wosagona Panjira

Msilikali wakale wa ku Pembamoyo sakonda kukamba za nkhondo. Amalima mtedza, amamata machubu a njinga za anzawo, ndipo Lamulungu amakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, chipewa chili pabondo. Akafunsidwa kanthu amayankha zimene anaona, osawonjezera, osachotsera.

Kuno mtunda timauyeza ndi kugona panjira. Ndiye chaka chathachi, pamaliro ku Zingalume, a Wadisoni, mkulu wa mpingo, anawafunsa kutalika kwa maiko amene anafikako. Iwo anafotokoza kuti pakati pa Kolombo ndi Singapo, mizinda ya pazilumba, sitima ya pamadzi imagona panjira pafupifupi sabata, koma iwo, poperekeza mkulu wa asilikali, anakwera ndege m'mawa nakadya chamadzulo kutsidya.

"Nyanja yonseyo osagona, achimwene?" anatero a Wadisoni. "Ndege zotero timazidziwa. Zimanyamukira kumanda."

Anthu anaseka, koma akulu a mpingo sanaseke. Msilikali uja anawaimitsa Mgonero wa Ambuye. Munthu amene boma linamutenga kukamenya nkhondo ya eni ake, kwawo anamuyesa mfiti chifukwa cha liwiro la makina a Angerezi.

Anauzidwa kuti akangovomera pamaso pa mpingo kuti inali sitima, mlandu watha. Akazi awo anawachonderera kuti angotero.

"Amake Edina," anayankha, "ndikanama kuti ndilandire chikho, ndikamwera pakamwa pati?"

Mpaka lero chikho chikafika pamzere wawo, chimawadumpha.