Mbale ya Jazi M'munda wa Mapira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atsibweni anga, a Jeremiyasi, anabwerera kwathu ku Mualadzi kuchokera ku Beira, kumene ankagwira ntchito padoko. Abale ankayembekezera kuti abwera ndi mota, njinga yamoto ija, kapena malata. Iwo anatsika pa kamiyawu, lole yonyamula katundu, atafukata galamafoni ngati khanda, pambuyo pawo anyamata awiri akudzandira ndi bokosi lodzaza mbale zakuda za nyimbo za jazi. Amayi anangogwira pakamwa. Ine mtima wanga unapita tsiku lomwelo.

Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, atsibweni ankalumikiza galamafoniyo ku bateriya pakhonde pawo. Posakhalitsa ankatulukira a Damiyano, namwino wa ku posito ya zaumoyo, mbale ziwiri kapena zitatu zili m'khwapa. Anthu awiriwa ankakangana pa chilichonse: woimba lipenga wabwino ndi uti, mbale iyi inatuluka liti, ndani anabera mnzake kaimbidwe. Ine ndinkapukuta mbale, kuika singano, ndipo nthawi zina ndinkalowerera mkanganowo ngati munthu wamkulu.

Panali nyimbo imodzi imene inkawayambanitsa kuposa zonse. Atsibweni anali nayo pa mbale yotulutsidwa kachiwiri, yosalala, yomveka bwino. Koma ankalumbira kuti pa mbale yoyambirira, imene anaimvapo kamodzi kokha ali mnyamata, woimba ng'oma amaphulika nako kuseka lipenga likafika pamwamba, ndipo kuti amene anaitulutsanso anachotsa kusekako poyeretsa mawu. Ankakumbukira ngakhale kapepala kapakati pake, kachikasu kokhala ndi kanyenyezi kofiira.

"Munali mutamwa tsiku limenelo, achimwene," ankatero a Damiyano. "Amene ankasekayo munali inu nomwe."

Anthu pakhondepo ankafa ndi phwete. Atsibweni ankaseka nawo, koma ine ndinkaona kuti zikuwapweteka.

Nyengo ya mapira itafika, ndinaperekeza amayi ku ukwati ku Nsadzo. Ana tinatumidwa kukatunga madzi, ndipo njira inadutsa m'mbali mwa munda wina. M'mundamo munkang'anima zinthu zakuda zozungulira, zolendewera pa zingwe, zikutembenuka ndi mphepo kuti ziingitse mbalame. Ndinatula ndowa. Zinali mbale! Ndinadutsa m'mapiramo masamba akundicheka m'miyendo, ndikuzigwira imodziimodzi. Zambiri zinali zong'aluka. Koma chakumapeto kwa mzere ndinapeza ina yathunthu, yopindika ndi dzuwa, yodzaza zitosi. Kapepala kake kanali katasuluka, komabe kanyenyezi kofiira kankaoneka.

Za ukwati umenewo sindikumbukira china chilichonse. Pobwerera ndinasiya amayi kumbuyo, ndipo ndinafika kwa atsibweni mpweya uli m'mwamba.

"Atsibweni! Kanyenyezi! Kali pa chingwe ku Nsadzo!"

Anandiyang'ana ngati ndachita misala. Nditafotokoza bwinobwino, anathamangira njinga atavala nsapato imodzi.

Mwini mundawo anali aNaphiri, mayi wamasiye wachikulire. Anatiuza kuti malemu amuna awo anabwera nazo mbalezo kuchokera ku Joni, ndipo galamafoni yawo inatayika pothawa nkhondo. Atsibweni atapempha mbaleyo, aNaphiri anapukusa mutu.

"Bambo, imeneyo ndiyo imang'anima kuposa zonse. Mukaitenga, mapira anga aziwayang'anira ndani?"

Tinazungulira mudzi wonse kutola zitini za nsomba za saladinya ndi zivundikiro zakale zoti ziingitse mbalame m'malo mwa mbaleyo. Tsiku lonse ndinakhalira kuboola ndi kumanga, atsibweni akukhoma mitengo, mpaka munda unayamba kulira ngwelengwele. ANaphiri anayendera ntchitoyo mzere ndi mzere, kenako anamasula okha mbaleyo. Anangoika lamulo limodzi, lakuti tsiku loiliza nawonso adzakhalepo.

Kuiwongola kunali ntchito ina. Tinaitsuka ndi madzi ofunda ndi kansalu kofewa. Atsibweni anabwereka ku parokiya magalasi awiri a mawindo, naika mbaleyo pakati, padzuwa lam'mawa. Ine ndinkayesa kutentha kwa galasi ndi tsaya langa, ndipo likayamba kuotcha ndinkakokera zonse pamthunzi. Tinachita zimenezi masiku angapo, mtima uli m'malere kuti mwina isungunuka.

Lamulungu limenelo pakhonde panadzaza mpaka anthu ena anaima pamsewu. ANaphiri anabwera pa njinga ya mdzukulu wawo atavala chitenje chatsopano. A Damiyano anakhala kutsogolo atapinda manja, akumwetulira ngati munthu wodziwa kale mathero ake.

Atsibweni anandipatsa ine singano. Mbale inayamba kuthetheka ngati mtedza wokazinga, singano ikukwera ndi kutsika pamene panali popindika. Kenako piyano inalowa, ng'oma zinatsatira, lipenga linayamba kukwera pang'onopang'ono. Lipenga litafika pamwamba penipeni, kuseri kwa phokoso lonselo kunamveka munthu akuseka, kuseka kwa m'mimba, kwa munthu amene chimwemwe chamupitirira.

Pakhonde panabuka nthungululu. Atsibweni analumpha nagwetsa mpando. A Damiyano anavula chipewa, naimirira, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, ndagonja. Bwezaninso pamenepo."

ANaphiri ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Bambo a kwathu ankaseka naye limodzi munthu ameneyu," anatero. "Ndinali nditaiwala."

Kuyambira pamenepo aliyense wobwera ankapempha nyimbo ya munthu woseka, ndipo atsibweni sankakana. Mbale yootchedwa ndi dzuwa sichedwa kutha. Mvula isanagwe, lipenga linayamba kumveka ngati lili pansi pa bulangete. Ine zinandiwawa kwambiri.

"Atsibweni, isungeni m'bokosi. Mwina ina ngati imeneyi kulibenso."

"Felisita," anandiyankha, "anthu amene anaimba umu anachita thukuta kuti amvedwe. Ndikaitsekera m'bokosi ndiye kuti ndawatseka pakamwa. Ika singano."

Ndinaika ndikunyinyirika. Mbaleyo inalira mpaka mawu anatheratu, kungotsala kuthetheka.

Lero ndimakhala mumzinda wa Tete, ndipo ndili ndi mbale zanga, zina zosowa moti anzanga osonkhanitsa amandilangiza kuti ndisamazitulutse n'komwe. Kale ndinkaganiza kuti atsibweni anawononga chuma. Tsopano ndikapita ku Mualadzi ndimakumana ndi azibambo a imvi amene sadziwa dzina la woimba aliyense wa jazi, koma amayimba ndi likhweru nyimbo ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaphonya. Ndi pamene ndinamvetsa kumene atsibweni anaisunga. Choncho mlendo akaloza mbale yanga yosowa kwambiri n'kufunsa ngati angaimve, ndimangomuuza kuti asambe m'manja, n'kumupatsa singano.