Malaya a Kutchalitchi

Chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa kwathu ku Milonde, ine ndinali ku pulayimale. Munda wathu unali kachigamba chabe, kopanikizika pakati pa msewu ndi minda ya esiteti. Tiyi wa m'mindamo ankangobiriwira ngati sakudziwa kuti kunja kuno kwalowa njala. Amayi ankapita kukathyola tiyiyo ntchito ikapezeka, koma zimene ankapeza sizinkafika pakati pa mwezi. Mlongo wanga wamng'ono anali atangosiya kuyamwa, tsitsi lake litayamba kufiira, mapazi akutupa. Iyeyo ndi amene ankawasowetsa tulo amayi.

Kenaka kunamveka kuti anthu a bambo wina wofuna uphungu ayenda khomo ndi khomo kuona mabanja ovutikitsitsa, kuti awapatse chimanga ndi ufa wa phala la ana. Chisankho chinali pafupi, ndiye njala yathu inapeza achibale mwadzidzidzi.

Amayi anga sanali munthu wolandira alendo pabwalo losasesa. Anatidzutsa m'mamawa, kutisambitsa mpaka kutikwecha mapazi ndi mwala, n'kutidzoza timafuta totsalira m'botolo. Ine anandiveka malaya oyera a kutchalitchi. Mlongo wanga anamuveka chipewa choluka ndi masokosi, kuti alendo asaone tsitsi ndi mapazi aja. Anakabwereka mipando. Makaka omaliza, chinangwa chouma chimene tinkadya mopatsa ulemu, anawaphika onse ndi nandolo.

Alendo aja anafika, anakhala pamipando yobwereka, nadya bwinobwino.

"Mayi, pakhomo pano mukukwanitsa ndithu," anatero mkulu wawo akusamba m'manja. "Ana aukhondo chonchi! Anzanu azitengera inu."

"Tikuyesera, bambo," anayankha amayi atagwada, akumwetulira.

Ine ndinanyada mpaka kutukumula chifuwa. Alendowo atapita kunyumba yoyandikana nafe, ndinawatsatira. Kumeneko ana anali osasamba, mimba pamtunda, ndipo alendo anawaimika pakhoma logumuka n'kuwajambula ndi foni. Ndinawaseka anzangawo, ndinawasekadi. Tsiku logawa, thumba la chimanga ndi ufa wa phala zinalowa m'nyumba mwawo. Kwathu sikunabwere kanthu.

Amayi sanadandaule. Mipando anabweza, bwalo ankasesabe. Koma mlongo wanga anasiya kulira mokweza, ankangobuula chabe. Lamulungu titabwera kutchalitchi, amayi anandipatsa kambale osandiyang'ana kumaso.

"Pita kwa amayi ako a nyumba ya kuseriku, atigawireko kaufa ka phala. Ukanene kuti n'ka mwana."

Nditafika pachitseko anandiitananso.

"Vula kaye malayawo. Vala aja ong'ambika."

Mtunda wake unali wongodumpha mzere wa nthochi, koma ndinauyenda pang'onopang'ono. Anzanga ndinawaseka aja anali pakhonde akunyambita masupuni. Onse anayang'ana kambale kaja.

"Iii, mwana wa okwanitsa!" anatero amayi awo. "Mwatani kodi achimwene, mipando ija yatha kudya?"

Anaseka, komabe anandithirira ufa mpaka kambale kudzaza, n'kuvundikira ndi tsamba la nthochi kuti odutsa asaone. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero. Ndikaona pafoni chithunzi cha ana ataimikidwa pafupi ndi matumba a chimanga, munthu wa suti atawagwira paphewa, nkhope imanditentha. Ndimadziwa kuti penapake kuseri kwa chithunzicho kuli mayi amene anasambitsa ana ake, ndipo anagona ndi njala chifukwa cha kusambako.

Phala lija mlongo wanga analawa pang'ono n'kukana. M'mawa mwake amayi anaganiza zopita naye kuchipatala ku boma. Anamusambitsa monga mwa masiku onse, kumuveka chipewa ndi masokosi, n'kumubereka. Atafika pabwalo anaima kanthawi. Kenaka anamutsitsa, kumuvula chipewa chija ndi masokosi omwe, n'kundipatsa ine kuti ndikaike m'nyumba.